Masitepe Atatu

Ndinayamba kuwerenga masitepe a m'Kasungu
kutatsala sabata kuti Khirisimasi ifike.
Anzanga akuwerenga ndalama za mpunga ndi nkhuku,
ine ndikulemba kuseri kwa lisiti la madzi:
pa lesitilanti ya kudepoti, awiri;
ku holo, asanu, khomo lakenso lopapatiza;
ku banki kokha ndiko kuli kanjira kotsetsereka bwino,
koma ndani anakadyerako chaka ku banki?

Mwandida wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri
ndi diresi lachikasu la pakaunjika
limene wakhala akulinunkhiza chigulireni.
Akufuna chinyumba chopopa chija ana amadumphamo,
akufuna ayisikilimu weniweni, osati mafilizesi.
Ndinalonjeza. Pakamwa sipaona ngalande.

Mvula ya usiku yasiya Chankhanga ali phala.
Matayala a chikuku changa ameza dothi,
manja anga avala magolovesi a matope.
Minibasi yaima, kondakitala wandiyeza ndi maso:
"Inu mtengo wanu, njingayo mtengo wake."
Ndamufunsa ngati miyendo yake amailipirira payokha.
Waseka, wamenya chitseko, apita.

Basi, tidzera m'mbali mwa tala.
Malole a feteleza akutipumira utsi,
akabaza akuliza mabelu ngati tawabera msewu.
Mwandida akukankha kumbuyo, kamutu kosaoneka,
kamawu kokha: "Adadi, dzenje! Adadi, kumanzere!"
Phiri la Kasungu lafunda mtambo,
silikufuna kuchitira umboni.

Pa loji nyimbo zikugunda mpaka m'nthiti.
Chinyumba chija chikugwedezeka, chadzaza ana.
Pakati pa ife ndi icho pali ngalande ya madzi oderako,
kenako masitepe atatu opakidwa polishi.
Awa sindinawawerenge.
Pa foni anangoti, "Aliyense amalowa."

Mlonda ndi munthu wabwino.
"Tikunyamuleni, bwana, anyamata alipo."
Ndanyamulidwapo ine,
pa ukwati, pa maliro, pokavota,
ngati thumba lopita kuchigayo,
malaya atakwinyikira m'khwapa, anthu akuti pepani, pepani.
Lero ayi.
Lero mwana wanga akuyang'ana.

Tsidya la msewu a Mkanthama akupala matabwa,
kwa iwo Khirisimasi ndi tsiku lomalizitsa maoda.
Aona. Sanafunse kanthu.
Abwera atasenza chitseko chatsopano cha mlombwa,
cha eni ake, cholipiridwa kale theka.
Achigoneka pa ngalande, ndaoloka.
Achidzutsa, achitsamiritsa pa masitepe.
"Kwerani msanga, mwini wake asanatulukire."

Ndagwira matayala. Mapewa awa amadziwa ntchito yawo.
Kamodzi. Kawiri. Thabwa lalira, lapirira.
Kachitatu ndili pamwamba, ndekha,
thukuta likuyenderera m'kolala.
Sindinkadziwa kuti chitseko
chimatsegula bwino chikagona pansi.

Mwandida wavula nsapato, waziponya pamiyendo panga, liwiro.
Diresi lachikasu likuuluka pakati pa ana a eni magalimoto.
Akadumpha amandifunafuna ndi maso,
ndikakweza botolo la chakumwa, amadumphanso.
Ayisikilimu wake wasungunukira m'dzanja langa,
ndanyambita ndekha, ndalama zisapite pachabe.

Manijala wadutsa, wayang'ana chitseko, wayang'ana ine,
wati chaka chamawa amanga kanjira ka simenti.
Ndamuuza kuti pensulo ndili nayo, ndilemba tsiku.

Madzulo a Mkanthama akupukuta chitseko chawo.
Mizere iwiri ya matayala yakana kuchoka.
"Ndipala," akutero. "Kapena ndingoisiya,
mwini nyumbayo azidabwa
kuti ndani anadutsa pakhomo pake
khomolo lisanaimikidwe."

Tikubwerera. Mwana wagona pachifuwa panga,
chikuku chalemera, msewu ndi womwe uja,
maenje onse ali m'malo mwawo.
Pansi pa getsi la pa filingi siteshoni ndaima kupuma,
ndatulutsa lisiti lija, lanyowa m'mbali,
ndawonjezera mzere umodzi:
pa loji, atatu, koma funsani kalipentala.