Nkhope Makumi Atatu

M'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya mafoni
ku Quezon City, pakati pa usiku,
Jhonalyn amavala nkhope makumi atatu.
Pano ndi mayi wamasiye wa ku Cebu,
posakhalitsa ndi namwino wotopa ku Dubai,
kenako mnyamata wa njinga yamoto, mkamwa muli mavu.
Onsewa amagwadira meya mmodzi.
Onsewa amaphonya zilembo mwadala
kuti amveke fungo la munthu.

Mapeso mazana asanu patsiku.
Fani ikungotakasa mpweya wadzulo.

Bodza la Lachiwiri analipeka yekha:
akuti mphunzitsi amene akupikisana ndi meya
anadya ndalama za ovutika ndi madzi osefukira.
Pofika mbandakucha linali litamera mapiko.

Lamulungu bambo ake, atazimitsa jipini,
anamuonetsa foni yong'aluka galasi:
"Taona mwanangu, namwinoyu sabisa mawu.
Ndamuyankha kuti Mulungu amudalitse."

Mphunzitsiyo ndiye anamugwira dzanja
tsiku limene analemba chilembo choyamba.

Jhonalyn anameza mpunga osatafuna.
M'thumba mwake foni inanjenjemera,
dalitso la bambo
likusakasaka mwini wake.