Ndalama Sidziwa Kusambira

Chaka chomwe Ruo anasiya njira yake
n'kudzagona m'nyumba mwathu ku Makhanga,
ndalama zanga zinali m'chitini cha mkaka,
chokwirira pansi pa bedi.
Ndinachifukula patapita masabata atatu:
phala lokhalokha.
Kope la ngongole nalo linamwa madzi mpaka kukhuta,
ndipo onse amene anadya milamba yanga ya pangongole
anaiwala tsiku lomwelo,
kupatula Alufandika, wokhoma zidebe uja.
Anandilondola kumsasa, zikwi ziwiri zili m'chipewa,
nati, zanu izi mayi, ine madzi sanandifufute.

Zikwi ziwirizo ndizo zinandiimika pano pa Bangula.

Tsono inu a Zuze,
mwabwera ndi ndalama za thonje zikukutenthani m'thumba,
pakamwa pali njinga yamoto yofiira ija.
Mphasa ndi iyi, takhalani.
Dzuwa la kuno limaumitsa nsomba, lisaumitsenso mutu.

Chotsani kaye za mankhwala opopera,
si zathu, tinangobwereka.
Chotsani za Rozina, fizi ya teremu yachitatu,
ndi nsapato, chala chikusuzumira kale kunja.
Chotsani mbewu ya chitowe.
Matumba anayi a mapira tigule lero akadali otchipa,
Januwale sadziwa chibale,
mukukumbuka tinadya nyika, milomo bii.
Zatsala zingati?
Werenganinso, sindikuthamangira kulikonse.

Mukuti tizisunge zonse pamodzi zikwane njinga.
Ndalama yogona imaonda, bambo.
Imene inagula mbuzi chaka chatha
lero ikugula mwendo, mwina ndi chiwindi.
Ndiponso sidziwa kusambira.

Ine ndazimwaza ngati nkhuku za munthu wochenjera.
Mbuzi zitatu zili kumtunda, ku Chididi kwa mlongo wanga,
kumene madzi akafika ndiye kuti dziko latha.
Zina zili mufoni, nambala yake ili m'mutu mwanga,
musandifunse mutamwa.
Zina ndimaponya Lachinayi pansi pa mtengo wa nimu,
m'bokosi la maloko atatu,
makiyi ali ndi amayi atatu osamwerana madzi,
n'chifukwa chake ndimagona tulo.
Za bizinesi ndi za bizinesi:
ngakhale ine mwini ndikatapa mlamba wa ndiwo
ndimalipira, ana n'kumandiseka.

Wakatapila wa kuseri kwa chigayo anakupatsani moni dzulo.
Ndinaona.
Moni wake amabereka pa sabata.

Sindikukana njinga.
Inenso ndatopa kusenza dengu kuchokera kudambo,
khosi langa lafupika.
Koma njinga imadya ngakhale tsiku lopanda okwera,
imadwala, imafuna matayala,
apolisi nawo amaidziwa dzina.
Mbuzi ziwiri zili ndi bere.
Bokosi tigawana mu Disembala.
Thonje likadzatuwanso m'munda, tikhalenso pamphasa pompano,
mwina tipita limodzi ku Nchalo
ndalama zili m'manja, osagwadira munthu.

Mwakhala chete.
Chabwino, ndigwirireni tochi ndilembe.
Masiku ano ndimalemba ndi pensulo,
inki imathawa ikaona madzi.
Kope ndimalikulunga m'majumbo awiri
n'kulisomeka kudenga, pamwamba pa mzere
umene matope anasiya pakhoma la eni nyumba.
Tsamba loyamba ndinalembapo dzina limodzi lokha,
la Alufandika,
ndipo pambali pake palibe nambala.