Magalasi a Achimwene

Chitulukireni m'chipatala, achimwene a Zdzisław
sachoka pazenera.
Zaka makumi atatu maso awo anali panjanji,
lero ali pamtengo wa maapozi wa aneba,
kwinaku akulemba m'kope lakale la kuntchito:
Lachiwiri, kambalame kotuwa.
Lachitatu, kotuwa kena, mwina komwe kaja.

Ndinaweruka kubekale m'mbandakucha, ufa udakali m'zikhadabo,
ndinadikira kuti Białystok adzuke,
mazloti mazana anayi nditawakulunga m'kampango.

Mnyamata wa m'sitolo, dzina lake Tymoteusz,
anandiyalira magalasi oonera patali patebulo.
Oyambawo nditaona mtengo wake ndinawabweza mwaulemu,
monga umabwezera khanda la eni ake likayamba kulira.
Malipiro anga a miyezi itatu, lendi osalipira.

Manambalawa musawaope mayi, anatero.
Teni amakokera mbalame pafupi zedi,
koma amakokeranso kunjenjemera kwa dzanja.
Ndinakumbuka dzanja lamanzere la achimwene,
momwe tiyi amafikira pakamwa atatsala theka.
Ndinati, ndipatseni eyiti.

Ine za magalasi sindizidziwa, koma kulemera ndimakudziwa.
Awa ndi buledi mmodzi ndi theka, khosi lawo silingapirire.
Awa apepuka ngati banzi logona, sindikuwakhulupirira.
Awa akudawa, okalika pambali,
amene wina anawabweza Khirisimasi itatha,
ndi buledi mmodzi ndendende.

Ndinatuluka nawo pakhomo, mnyamata ali pambuyo panga.
Poyamba chifunga chokhachokha.
Zunguzani kagudumu ka pakatiko.
Ndinazunguza, denga la tchalitchi linangoti balamanthu,
ndipo pamwamba pake nkhunda,
nkhunda wamba, yonga zimene ndimapirikitsa ndi tsache
pakhomo la bekale m'mawa uliwonse.
Khosi lake lobiriwira, ikatembenuka lofiirira,
ikatembenukanso lobiriwira.
Zaka zonsezi palibe anandiuzapo.

M'mbalimbali simuoneka bwino, anaulula mnyamatayo,
n'chifukwa chake mtengo watsika. Kukamada adzakuvutani.
Ndinati achimwene amagona ndi nkhuku.
Nanga mvula? Yowaza apirira, koma musawagwetsere mumtsinje.
Ndinawerenga ndalama kawiri.
Zinatsala za basi
ndi za kabuku ka mbalame kothothoka chikuto
kamene ndinakapeza pamsika wa zinthu zakale.

Loweruka mwana wanga anatitengera ku dambo la Biebrza,
madzi oundana atangosungunuka, mphepo ikulumabe makutu.
Pepala analing'amba ndi mano.
Zikomo sananene, si khalidwe lawo.
Anafunsa mtengo, ndinanama, anadziwa.
Anawaika kumaso chozondoka nandiyang'ana:
Ludwika, wapitiranji kutali chonchi?
Ndinawatembenuzira.
Akuti tsopano ndayandikira mopitirira muyeso,
imvi zachuluka, ndipo m'khutu muli ufa.

Kenako zii.
Patsidya, pamwamba pa mtengo wa magetsi,
dokowe anali atabwerera kuchisa chake cha chaka chatha,
akusanjika kamtengo apa, kukachotsa, kukabwezera pomwepo.
Achimwene anatsamiritsa chigongono panjinga yawo.
Dzanja linkanjenjemerabe, koma mbalame sinawathawe m'maso.
Tiyi anazizira m'kapu.
Mwana wanga anakakhala m'galimoto, akuti miyendo yachita dzanzi.

Lemba, anatero osatsitsa magalasi.
Ndinatsegula kope pamene panathera timbalame totuwa.
Ndilembe chiyani?
Loweruka, dokowe mmodzi. Maondo ofiira.
Ndinalemba.
Dikira. Alipo awiri, winayo anagona m'chisa.
Ndinafufuta ndi chala, pepala linada,
ndipo iwo anati ndisamalembe ngati ndikukanda buledi.