Kapulogalamu ka Lachisanu

Pansanjika yachisanu ndi chinayi, ku Rotterdam,
pomwe zenera limayang'ana makontena padoko,
bambo Hoogendijk anagogoda tebulo ndi cholembera:
"Python ndi chidole cha ana asukulu.
Kampani ya zaka zana siyendera zidole."

Marit Oosterhuis sanayankhe,
anangopsontha khofi wake wozizira.
Ndiye analemba kapulogalamu kaja
Lachisanu lina mvula ikuwaza,
mizere mazana awiri basi,
kongogwirizira, ankatero,
mpaka chenichenicho chitabwera.

Chenichenicho chinabweradi:
akatswiri khumi ndi awiri a masuti otuwa,
mabuku a mapulani onenepa ngati njerwa,
misonkhano yokonzera misonkhano.
Zaka zitatu. Za ndalama tisanene.
Tsiku loyatsa anadula keke.
Pofika madzulo sitima zisanu ndi ziwiri
zinali njo kunja kwa doko,
nthochi zikupsa m'kati.

Usiku womwewo foni ya Marit inalira.
Anapalasa njinga mumphepo
nakadzutsa kachidole kaja.

Sindikuti kalibe chilema.
Tsiku lina kampata kamodzi kosoweka pamzere
kanasokoneza ziphaso za kasitomu m'mawa wonse,
ndipo Marit yekha ndiye adziwa pokanda.
Akadzapuma pantchito, kaya.

Lipoti la chaka chino
ladzaza zithunzi za chenichenicho.
Kaja sikatchulidwa n'komwe.
Kali phee m'kompyuta yakale
kuseri kwa makina osindikizira,
pomwe wina anamata kapepala kachikasu:
"Chonde musazimitse."