Botolo la Edesi

Edesi wabwera kuchokera ku Kapiri ndi kajumbo,
mkati muli botolo la mafuta odzola ndi chipewa cha mlaza.
Akuti, "Ababa, mwatuwa ngati thumba la simenti."
Ine ndati, "Mwanangu, wakabaza sapalasa ndi khungu."

Zaka makumi awiri ndi zinayi pa siteji ya Kamwendo:
matumba a mtedza, a soya, mbuzi yomanga miyendo,
amayi apakati othamangira kuchipatala,
ngakhale bokosi la maliro ndinalinyamulapo kawiri.
Njinga yanga ndimaidziwa kulira kwake.
Tcheni chikangoti kwee, ndatsika kale ndi oyilo.
Sipoko ikapindika tulo sindiona.
Koma zidendene zangazi
zang'ambika ngati dambo la mu Okutobala,
m'ming'alumo mutha kubisamo njere ya mapira.

Iye sanakangane nane.
Wangotenthetsa madzi, wathira m'beseni,
watola mwala kuseri kwa bafa.
"Viikani mapazi. Kwechani pang'onopang'ono, si khasu ili.
Mudzole thupi lisanaumiretu.
Sopo wochapira zovala uja mumuleke kumaso.
Chigubu cha madzi chizikhala pa keliyala,
musamadikire kukhosi kuchite kuuma.
Dzuwa likafika paliwombo, khalani pansi pa mtengo wa mango,
kasitomala wa masana si womaliza padziko."
Za kachasu sananene kanthu.
Anangondiyang'ana.

M'mawa mwake pa siteji
Khuzwayo wayamba kununkhiza mphepo ngati galu wa uzimba:
"Kodi madala mwapeza mbeta?"
Anyamata gwa, kuseka mpaka kugwira mahandulo.
Ine chipewa pamutu, nkhope ili phuliphuli,
ndangoti, "Kwerani amayi, tikupita kuti?"

Usiku wachitatu ndi umene unandigwira.
Ndakhala pamphasa, botolo pambali,
chala chikulowetsa mafuta m'ming'alu,
mwadzidzidzi manja anga akumbuka manja ena.
NaTembo ankakazinga nsatsi m'phale,
kusinja, kuwiritsa, kuwengula mafuta ndi chipande,
ndipo ndikabwera wotopa ankandigwira phazi
uku akundinena za ndalama ya mchere.
Ine ndinkayesa khungu limadzisalalira lokha
ngati tsamba la nthochi.
Zaka zisanu ndi chimodzi chimuikireni m'manda,
lero ndi pamene ndadziwa
amene ankathira oyilo pa tcheni changa.

Makwinya sanachoke, ndisakunamizeni.
Imvi zikuchulukirabe ngati thonje la m'munda wa mwini,
bondo lakumanzere limalosera mvula kuposa wailesi.
Koma milomo yasiya kutuluka magazi mu Juni,
ndipo ndikamavala sokosi
chidendene sichikokanso ulusi.
Madzulo ndimaweruka dzuwa lisanalowe,
ndimadya chisoso chotendera, papaya likapezeka,
ndimagona nkhuku zikangokwera.
Lachinayi lapitali ndinakapimitsa kuthamanga kwa magazi.
Namwino anati, "Bwerani mwezi wamawa,"
ine ndinalemba pakhoma ndi khala.

Botolo lija linatha, ndinagula lina ndekha,
laling'ono, pa golosale ya a Mandaliza,
mtengo wake maulendo atatu a kumsika.
Ndinawerenga ndalamazo kawiri, ndinaperekabe.

Dzulo Khuzwayo wanditsatira kuseri kwa chigayo,
wayang'ana uku ndi uku,
wavula nsapato imodzi.
Phazi lili mbuu, mng'alu wofiira ngati chilonda cha mpeni.
"Madala, timafuta tija
mungandigawireko m'kapepala?"

Ndamuthirira m'chitsekerero cha botolo.
Ndamuuza za madzi ofunda, za mwala,
ndi kuti akafika kunyumba
akayang'ane bwinobwino manja a mkazi wake.