Nsonga ya Ulusi

Sikisi koloko isanakwane, msewu wa ku Lundazi uli zii,
njinga ya mlonda yokha yatsamira chipata cha fakitale.
Ine ndalowa kale, mpango kumutu,
thonje la dzulo likadali m'mphuno.

Makina amagona ngati ng'ombe yodwala,
nthiti zachitsulo zili pamtunda.
Sadzuka ndi batani ayi,
anatero a Zelipa Shawa tsiku langa loyamba,
amadzuka ndi zala.
Chala chawo cha mkombaphala n'chodukira pa chikhadabo.
Sindinafunse, iwonso sananene.

Yamba wafuna nsonga.
Imabisala, imakakamira pa bobini
ngati nkhupakupa m'khutu la galu.
Nyowetsa chala ndi malovu, usisite mobwerera,
ikadzuka uigwire, osaikoka.
Ilowe pa kabowo koyera,
idutse kunsi kwa kawaya, pamwamba pa kagudumu,
ifike pa ngowe ya mkono wozungulira.
Mfundo imodzi basi, yomasuka ukangoikhudza.
Uzungulitse katatu ndi dzanja lako
kuti umve ngati ulusi ukulola kapena ukukana.
Ukatero dinda batani lobiriwira,
manja uchotsepo.

Mabobini makumi awiri ndi anayi.
Ya nambala seveni imadula ulusi tsiku lililonse,
amakaniko anaitopera.

Lachitatu ndinapupuluma.
Kapitawo Miti anali chilili kumbuyo kwanga ndi kope lake,
ndiye ndinamanga mfundo yothina,
kamchira n'kukadula pafupi kuti ntchito ioneke yaudongo.
Mpukutu unatuluka wonona, wosalala,
koma pouvula poyambira pake panasowa.
A Zelipa anautembenuza, kuutembenuzanso,
nauika pa miyendo panga nthawi ya tiyi.
Masula.
Ndinamasula mpaka belu linalira, tiyi atazizira m'kapu.
Uzisiya kamchira kotalika ngati chikhatho, anatero,
wonyika mu utoto adzakafuna,
mayi woluka juzi ya mwana ku Kapata adzakafunanso.
Sakudziwa dzina lako,
koma adzakutukwana ndithu.

Atate analima thonje ku Chadiza zaka khumi ndi zisanu.
Ndinkathyola nawo mwezi wa Juni,
m'mbali mwa zikhadabo mukutuluka magazi,
ndinkalipondaponda m'mabelo ndi mapazi osavala.
Lole n'kubwera, sikelo n'kunena zake,
ngongole ya mbewu ndi mankhwala n'kudulidwa,
fumbi n'kutseka msewu.
Kumene linkapita sitinkakudziwa.
Lero ndi ili, laonda, lapotedwa,
likuthamanga pakati pa zala zanga osandizindikira.
Mwina si la m'munda mwathu.
Komabe m'mawa ndimalipatsa moni, chamumtima,
kuopa kusekedwa.

Masana magetsi akathima
mikono yonse imafooka pang'onopang'ono,
ulusi n'kulendewera ngati nthambo yoyanikapo zovala zonyowa.
Pamenepo timamva nkhunda zikuyenda padenga la malata,
ndi wina akutsokomola kumapeto kwa holo.
Akayaka timafunanso nsonga, timamanganso.
Kope la kapitawo limawerenga mipukutu yomwe yatha;
kuti tayamba kangati, mulibe mzere wake.

Sabata ino a Zelipa kulibe.
Maso, akutero anzathu, kabowo sakukaonanso,
mwana wawo wawatengera ku Mwami akapimidwe.
Sizasi yawo yatsala pa msomali,
yomangidwa kansanza kofiira kuti isasokonekere ndi ya wina.
Sindinaigwire.

M'malo mwawo abweretsa mtsikana wa ku Mchini,
dzina lake Tikambenji, zikhadabo zopaka utoto,
foni m'thumba la epuloni,
dzanja lili kale pa batani.
Ndamugwira pamkono.
Nyowetsa chala, ndatero.
Wandiyang'ana ngati ndamunyoza,
wayang'ana chala chake, wayang'ananso ine,
kenaka, mwamanyazi, wachifikitsa pa lilime.

Kunja kwacha tsopano, phiri la Kanjala likuoneka pa zenera.
Tazungulitsa katatu, dzanja lake pansi pa langa.
Nambala seveni yadula kale,
tisanayambe n'komwe.