Utuchi

Tauni yathu idali ndi msewu umodzi wa tala,
fakitale yocheka matabwa,
ndi mvula yosadziwa kuti Lamulungu anthu amapuma.
Basi ya ku Valdivia inkabwera kawiri pa sabata
kudzatola achinyamata,
osabweza ndi mmodzi yemwe.

Misala adaiyamba ndi Nibaldo.
Adagula gitala kwa msilikali wopuma ntchito,
ya nsambo zisanu, khosi lopindika ngati la munthu wangongole.
Miyezi itatu akusenza matabwa kuti ailipire.
Nsambo yotsalayo tidaisolola ku buleki ya njinga.

Ine ng'oma zidandipeza pamaliro.
Mkulu wa bandi ya ozimitsa moto atatsikira kulichete
mkazi wake adati, chotsani izi, zikumandiyang'ana usiku.
Ndidazikankha pa wilibala kutsika chitunda,
mvula ikuziimba kale
ine ndisanazikhudze.

Yasna sitidamuitane.
Adatumidwa kudzatiuza kuti mayi ake mutu ukuwawa.
Adaima pakhomo la shedi, ambulera ikudontha,
kumvetsera, kumvetsera,
kenaka adati: nyimbo yanuyi ilibe msana.
Lachisanu adabwera ndi besi ya msuweni wake
ndipo za mutu wa mayi ake sitidazimvenso.

Woimba adali Eleodoro, mwana wa wophika buledi,
wachibwibwi moti dzina lake lomwe linkamukanika panjira.
Koma mpatseni maikolofoni:
mawu ankatuluka mothithikana
ngati ng'ombe zotsekulidwa m'khola mmamawa.

Za dzina tidakangana mpaka kandulo kutha.
Yasna atatopa adakutumula tsitsi,
utuchi waa! pamwamba pa sipika.
Tonse tidali nawo, m'makutu, m'matumba, m'nsapato,
ngakhale m'buledi wa bambo ake a Eleodoro.
Palibe adayankhulanso.

Tsiku loyamba, mu holo ya ozimitsa moto,
anthu makumi awiri ndi atatu
kuwerengera galu wa wansembe.
Pa nyimbo yachitatu fyuzi idapsa,
theka la tauni bii.
Ine sindidaleke, poti ng'oma sizidya magetsi.
Eleodoro adakuwa ndi pakhosi pake penipeni,
ndipo wina, mpaka lero sindimudziwa,
adaloza nyali za lole pawindo.
Tidaona fumbi likuvina, kenaka miyendo.
Malipiro: thumba la mbatata
ndi mlandu wa fyuzi.

Chaka chachiwiri tidajambula kaseti m'bekale,
usiku, uvuni usanayatsidwe,
matumba a ufa atatsamira khoma kuti amwe phokoso.
Makaseti makumi anayi. Tidagulitsa asanu ndi anayi,
atatu mwa iwo kwa azakhali a Yasna.
Muulutsi wa ku Valdivia adaimba theka la nyimbo
n'kuidula kuti alengeze mtengo wa mkaka.
Ife tidathamanga msewu wonse opanda zipewa,
kugogoda zitseko za anthu ogona.

Ndiye kudabwera Lachiwiri lija.
Sowo idadya zala ziwiri za Nibaldo, za kumanzere,
zomwe zimakanikiza nsambo.
Masabata asanu ndi limodzi shedi idali zii,
akangaude akumanga pa ng'oma zanga.
Tsiku lina ndikudutsa ndidamva kulira kwachilendo,
ngati mwana wophunzira kuyenda.
Ndidasuzumira.
Adali atatembenuza gitala, khosi kuloza kwina,
akuyambiranso pachiyambi, mano ali gwa.
Osandiyang'ana adati, ukuchedwa, khala pansi uwerenge.
Ndidamenyanitsa timitengo kanayi.

Fakitale adaitseka chaka chachitatu.
Basi idayamba kubwera katatu pa sabata.
Tidakwera tonse anayi, ng'oma padenga, zokutidwa ndi lona,
mayi a Yasna akukupiza mpango
ngati munthu amene mutu wake wapola.

Kaseti imodzi ndikadali nayo.
Mukatchera khutu pa nyimbo yachiwiri,
kuseri kwa besi, kuseri kwa mvula ya padenga,
mumva chitseko chikutseguka
ndi bambo a Eleodoro akufunsa
ngati tatsala pang'ono,
poti ufa wafufuma.